Chotsekera cha makina othandiza kumva: kodi mungachipange nokha pakhomo?

Makolo amene mwana wawo amavala makina othandiza kumva amaudziwa bwino mluzu uwu. Mwana akangotafuna, kuseka kapena kutsamira pachifuwa pa mayi ake, kukhutu kumamveka kaphokoso kolasa, ngati kamene kamamveka m'tchalitchi mlaliki akayandikitsa maikolofoni kuchimkuzamawu. Masiku oyamba kamabwera mwa apo ndi apo. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri sikasiyanso. Anzake m'kalasi amayamba kumuseka, aphunzitsi amamuuza kuti azimitse, ndipo mapeto ake makinawo amakathera pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi akale a kusikelo.

Ambiri amaganiza kuti makina awonongeka, chonsecho nthawi zambiri amakhala ali bwinobwino. Chimene chatha ntchito ndi kachinthu kamene kamalowa m'khutu, kolumikizidwa kumakinawo ndi kachubu koonekera m'kati. Akatswiri amakatcha earmould, koma m'nkhani ino tizingoti chotsekera. Pa zonse zimene mwana wavala kukhutu, chotsekera ndicho chotsika mtengo kwambiri, koma chikalephera ntchito yake, makina odula aja amasanduka chidole.

Pa YouTube ndi pa Facebook pali makanema a anthu a ku America ndi ku Ulaya akudzipangira okha zotsekera kunyumba. Amatenga timibulu tiwiri ta phala lolimba ngati chingamu, amatikanda pamodzi, amakanikizira m'khutu ndi chala, ndipo pakatha mphindi 10 amatulutsa chinthu chotengera maonekedwe a khutu lawo. Kenako amachiboola n'kuikamo kachubu. Kholo la ku Nsanje kapena ku Chitipa, limene likuwerengera ndalama ya basi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, silikulakwa likafunsa kuti: nanga ine ndingalephere pati?

Funsoli n'lofunika kuliyankha mosabisa. Kupanga chotsekera si matsenga, ndipo sikuchita kufuna fakitale ya kunja. Zotsekera zimapangidwa m'dziko mommuno ndi manja a Amalawi. Koma pa ntchito yonseyi pali gawo limodzi, lothira phala m'khutu, limene munthu wosaphunzitsidwa komanso wopanda zida sayenera kuliyesa, makamaka pa mwana. Zifukwa zake zili m'khutu momwemo.

Mluzu umachokera kuti?

Makina ovala kuseri kwa khutu, amene ana ambiri amapatsidwa, ali ndi kamaikolofoni kotola mawu, kachipangizo kokweza mawuwo, ndi kasipika kowatulutsa. Mawu okwezedwawo amadutsa m'kachubu, kulowa m'chotsekera, n'kukafika m'ngalande ya khutu. Chotsekera chimagwira makina kuti asagwe mwana akamathamanga, komanso chimatseka khomo la khutu kuti mawu amene alowa asabwerere kunja.

Kutsekako ndiye mwini nkhani. Pakakhala kampata, ngakhale kosaoneka ndi maso, mawu amathawira panja, kamaikolofoni kamawatolanso, makina amawakwezanso, ndipo kuzungulira kumeneku kumachitika mofulumira kwambiri mpaka kubala mluzu. Makina akakhala amphamvu, monga amene amapatsidwa mwana wosamva kwambiri, m'pamene chotsekera chimafunika kugwira bwino koposa. Ndipo mwana wotereyu kawirikawiri saumva mluzuwo. Oumva ndi anthu omuzungulira.

Kampatako kamabwera chifukwa khutu la mwana likukula pamene chotsekera sichikula. Khanda, m'chaka choyamba, lingafunike chatsopano pakangotha milungu ingapo kapena miyezi iwiri. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amafuna kawiri kapena katatu pachaka, wa kusukulu mwina kamodzi pachaka. Munthu wamkulu amakhala nacho nthawi yaitali, mpaka chitauma, kung'ambika, kapena iyeyo ataonda kwambiri. Palibe kholo limene limadabwa kuti nsapato ya chaka chatha yathina. Kukhutu n'chimodzimodzi, kungoti m'malo mothina chotsekera chimayamba kugwedera.

Njira imene mabanja ambiri amathamangira, ngati makinawo ali ndi potsitsira, ndi kuchepetsa voliyumu. Mluzu umasiyadi, koma pamodzi nawo pamapitanso mawu amene mwana adavalira makinawo. Oyamba kusowa ndi mawu opyapyala monga s, f ndi ts, amene amasiyanitsa "samba" ndi "tsamba", kapena "sula" ndi "fula". Mwana amayankhula zimene akumva. Akakhala theka la chaka akumva mawu odukaduka pa msinkhu umene ubongo wake ukutola chiyankhulo, nthawi imeneyo ndi yovuta kuibweza, ngakhale chotsekera chatsopano chitadzapezeka pambuyo pake.

Mmene akatswiri amachipangira

Woumba njerwa amadziwa kuti njerwa imatengera chikombole. Pa ntchito iyi chikombole choyamba ndi khutu la mwanayo, ndipo katswiri asanachite chilichonse amayamba waunika m'katimo ndi katochi kapadera kotchedwa otoscope. Akufuna aone ngati muli phula lodzaza, mafinya, chilonda, kapena kanthu kachilendo monga mkanda kapena njere ya chimanga. Koposa zonse akufuna aone nembanemba ya m'khutu, imene ena amaitcha mwinikhutu, ngati ili yathunthu kapena yobooka. Akapeza phula amayamba walichotsa. Akapeza mafinya, ntchito imaima kaye mpaka khutu litalandira mankhwala ndi kuuma.

Ngalande ya khutu la munthu wamkulu ndi yotalika pafupifupi masentimita 2.5, ndipo si yoongoka, imakhota kawiri. Mbali yakunja ndi yofewa ndi yopindika ngati khutu looneka kunjali. Mbali yam'kati ndi fupa lokutidwa ndi khungu lopyapyala, losachedwa kupweteka ndi kutuluka magazi. Kumapeto kuli nembanemba ija, yopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda mmene muli tifupa titatu, tating'ono kuposa mafupa ena onse m'thupi, timene timanyamula kunjenjemera kwa mawu kupititsa m'kati. Ngalande ya khanda ndi yaifupi kwambiri kuposa apa, kotero pakati pa khomo ndi nembanemba palibe mtunda woti munthu n'kuphonya osawononga.

N'chifukwa chake katswiri amayamba wamanga khoma. Amalowetsa kampira ka thonje kapena ka siponji komangidwa ndi ulusi, n'kukakhazika kungopitirira pang'ono pokhota pachiwiri, ulusiwo utatsalira kunja. Akatero amaunikanso kuti atsimikize kuti m'mbali mwake mulibe mpata. Luso lagona posankha kukula kwa kampirako: kakachepa, phala limadutsa m'mbali; kakakula, sikafika pamene kakufunika. Anthu ena amatsokomola kampiraka kakamalowa chifukwa mtsempha wina wa m'ngalande ya khutu ndi wolumikizana ndi wa kukhosi. Zimenezo n'zosadetsa nkhawa.

Kenako amasakaniza mitundu iwiri ya silikoni wopangidwira ntchito imeneyi, amamuika m'sirinji yopanda singano, n'kumathira pang'onopang'ono kuyambira pakampira paja kubwerera kunja, mpaka makwinya onse a khutu atadzaza. Sakanikiza ndi chala, chifukwa kukanikiza kumatambasula khutu ndipo muyeso umanama. Pakatha mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono, silikoni amakhala atauma. Pochotsa amayamba wakoka khutu mofatsa kuti mpweya ulowe m'mbali, apo ayi chinthucho chimayamwa nembanemba pamene chikutuluka. Akamaliza amaunikanso komaliza kuti aone ngati simunatsale kanthu.

Chimene chatulukacho si chotsekera ayi, ndi muyeso chabe. Ku labotale amaudula, kuusalaza, kuuviika m'phula losungunuka kuti unenepeko pang'ono, n'kuumiza m'pulasitala kapena phala lina kuti apeze chikombole chachiwiri. M'chikombole chimenechi ndimo amathira zopangira chotsekera chenicheni: pulasitiki wolimba kwa akuluakulu ambiri, silikoni wofewa kwa ana, popeza mwana akhoza kugwa kapena kuwombedwa ndi mpira pakhutu, ndipo chinthu cholimba chingamucheke m'kati. Chikauma amaboola njira ya mawu, amaikamo kachubu, ndipo kwa ena amaboolanso kabowo kolowetsa mpweya. Kukula kwa kabowoko kumatengera zotsatira za kuyeza kumva kwa munthuyo. Mafakitale akuluakulu akunja tsopano amachita zonsezi ndi kompyuta ndi makina osindikiza a 3D, koma njira ya manjayi ikadali yodalirika.

Pali chinanso chimene maso saona. Mawu omwewo amamveka mokweza m'khutu laling'ono kusiyana ndi lalikulu, monga mmene wailesi imasokosera m'kachipinda kusiyana ndi m'holo. Kuzama kwa chotsekera, kukula kwa bowo lake ndi kutalika kwa kachubu, zonse zimasintha mawu ofika panembanemba. Choncho mwana akalandira chotsekera chatsopano, ndi nthawi yabwino yoti katswiri ayezenso makinawo ndi kuwatchera mogwirizana ndi khutu limene lakula.

Zimene makanema aja saonetsa

Tinene chilungamo, ena mwa anthu a m'makanemawa zimawayendera. Kawirikawiri amakhala akuluakulu amene makutu awo adaunikidwa kale ndi dokotala, vuto lawo la kumva si lalikulu, ndipo phala amangoliika pakhomo pa khutu. Phala limene ambiri amagula, monga la kampani ya Radians, lidapangidwira kutchinga makutu ku phokoso la mfuti ndi la m'mafakitale, osati kunyamula mawu a makina othandiza kumva.

Msampha wake uli apa. Kuti chotsekera chiletse mluzu pa makina amphamvu, chiyenera kulowa m'kati ndithu, mpaka cha pokhota pachiwiri. Kuti munthu wopanda katochi ndi kampira asavulaze khutu, ayenera kulekezera pakhomo. Ziwirizi sizingatheke nthawi imodzi. Wamantha amatulutsa chotsekera chosatseka, mluzu n'kupitirira. Wolimba mtima amakankhira phala kumene sakuona.

Kwathu kuno chiopsezo n'chachikulu kuposa kwa anthu a m'makanema, chifukwa cha kuchuluka kwa ana otuluka mafinya m'khutu. Alangizi a zaumoyo amadziwa kuchokera m'malangizo a kasamalidwe ka ana odwala kuti khutu lotuluka mafinya kwa masiku 14 kapena kuposerapo ndi matenda okhalitsa. Mafinya amenewa nthawi zambiri amachokera m'kachipinda kakuseri kwa nembanemba, ndipo kuti afike kunja ndiye kuti nembanembayo yabooka. Khutu likhoza kuuma, mwana n'kumasewera osadandaula chilichonse, bowo likadalipo kwa zaka. Kunja simungalione, ngakhale mutaunika ndi tochi ya foni, chifukwa cha kukhota kuja. Tsoka lake, ena mwa ana amene akuvala makina adasiya kumva chifukwa cha matenda omwewa.

Phala likadutsa pabowolo limalowa m'kachipinda ka tifupa titatu tija, limatikuta n'kuuma momwemo. Munthu akakoka, amakoka ndi tifupa tomwe. M'mabuku a madokotala a makutu muli nkhani zotere zochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo zambiri zidachitika m'manja mwa anthu ogwira ntchito imeneyi amene adasiya kampira kaja kapena kukaika molakwika. Odwalawo adafunika opaleshoni kuti silikoni achotsedwe, ndipo ena kumva kwawo kudaipiraipira. Ngati zimachitikira anthu okhala ndi zida, kuli bwanji pakhonde, mwana akuphiriphitha, wina atamugwira mutu?

Khutu limene lidachitidwapo opaleshoni lili ndi vuto lina. M'kati mwake mumatha kukhala motakasuka kuposa pakhomo, ndipo phala likauma silitulukanso, ngati mwana amene walowetsa dzanja m'chigubu n'kufumbata. Tisaiwale kuti madokotala a opaleshoni ya makutu m'dziko muno ndi owerengeka. Kwa zaka zingapo kudali mmodzi yekha, Dr Wakisa Mulwafu wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngozi ya mphindi zisanu ikhoza kufuna ulendo wautali kuposa umene banja limathawa poyamba.

Ndiye pali zinthu zimene munthu angatole pafupi poganiza kuti n'zofanana. Silikoni wambiri wa m'mashopu a hadiweya, womatira magalasi a mawindo, amatulutsa asidi akamauma, n'chifukwa chake amanunkha ngati viniga, ndipo amatenga tsiku lathunthu kuti aume. Guluu wosakaniza mitundu iwiri, womatira zitsulo, amatentha akamauma ndipo amamatirira pakhungu. Kandulo wosungunuka amawotcha. Chingamu, sera ndi dongo zimanyenyeka n'kutsalira m'kati. Ngakhale chinthucho chitatuluka bwinobwino, chikakhala chosalimba chimabenthuka, ndipo mwana wamng'ono chilichonse amathamangira nacho kukamwa.

Mabanja ena amalandira makina kuchokera kwa achibale a ku Johannesburg kapena ku London, chotsekera cha mwini wake wakale chili pomwepo. Makinawo akhoza kuthandiza ndithu, katswiri akayeza kumva kwa wolandirayo ndi kuwatcheranso. Koma chotsekeracho chidaumbidwa pakhutu la munthu wina, ndipo ngakhale makutu awiri a munthu mmodzi safanana. Kuchisema ndi lezala kuti chilowe kumangosiya m'mphepete mwakuthwa.

Vuto lenileni ndi mtunda

Kunena kuti "pitani kuchipatala" n'kosavuta kwa munthu wokhala mumzinda. Kafukufuku wina amene adachitika m'boma la Thyolo n'kusindikizidwa mu 2017 adapeza kuti mwa ana 150 amene adatumizidwa ku Queen Elizabeth chifukwa cha mavuto a makutu, asanu okha ndiwo adafika. Ameneyo ndi Thyolo, boma lochita malire ndi Blantyre. Makolo adatchula mtunda ndi mayendedwe, ndalama zapaulendo, mantha a chipatala chachikulu, komanso kusamvetsa bwino zimene adauzidwa. Munthu amene akuganiza zopanga chotsekera pakhomo si wosasamala. Nthawi zambiri ndi kholo losamala kwambiri limene lasowa pogwira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 430 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofuna chithandizo, ndipo 34 miliyoni mwa iwo ndi ana. Lipoti lake la mu 2021 lidati mwa anthu 100 alionse ofunika makina othandiza kumva, 17 okha ndiwo amawagwiritsa ntchito. Mwana wa kumudzi amene makina adamufika m'manja ali kale m'gulu la ochepa amwayi. N'zowawa kuti mwayi wotero uzithera pa kachinthu ka silikoni.

Malo odziwika kwambiri pa ntchitoyi m'dziko muno ndi awiri. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ya pa African Bible College ku Area 47, imene idatsegulidwa mu 2013, ndipo sukuluyi imaphunzitsanso akatswiri a za kumva. Ku Blantyre kuli kiliniki ya za kumva ya pa Queen Elizabeth, imene idatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la ku UK la Sound Seekers. Malo onse awiri amapanga zotsekera, ndipo akatswiri ake amakhalanso ndi maulendo opita kunja kwa mizinda.

Mfundo yothandiza kuidziwa ndi yakuti chimene chiyenera kufika ku labotale ndi muyeso, osati mwana. Munthu wophunzitsidwa akhoza kutenga muyeso pachipatala cha boma kapena pasukulu, n'kuuika m'kabokosi kuti usafinyike, ndipo chotsekera chimabwera pambuyo. Palinso silikoni wina wapadera amene muyeso womwewo umasanduka chotsekera tsiku lomwelo: akauchotsa amaudula, kuusalaza, kuuboola ndi kuikamo kachubu. Sichikhalitsa ngati cha ku labotale, koma mwana amabwerera kwawo akumva. Njira imeneyi ndiyo yofanana kwambiri ndi ya m'makanema ija. Kusiyana kwake ndi katochi, kampira, ndi munthu wodziwa chimene akuona. Kutenga muyeso sikuchita kufuna digiri, ndipo lipoti la WHO lija limalimbikitsa kuphunzitsa azaumoyo ena ntchito zina za makutu kumene akatswiri ndi ochepa. Zipatala za m'maboma zikadakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri otere, funso la mutu wa nkhani ino silikadafunsidwa kawirikawiri.

Apa m'pamene alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi ali ndi gawo lalikulu. Dziwani ana ovala makina m'dera lanu, ndipo tsiku limene mwana walandira chotsekera lilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Yambani kufufuza za chatsopano mluzu ukangoyamba, osadikira kuti mwana asiye kuvala. Funsani kuchipatala cha boma, kapena kusukulu za ana osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, za nthawi imene akatswiri akuyembekezeka, ndipo sonkhanitsani ana angapo kuti apite limodzi. Khutu likakhala kuti likutuluka mafinya, mwana ayambe walandira chithandizo pachipatala chapafupi, chifukwa akapita choncho adzabwezedwa osatengedwa muyeso, ndalama ya basi itapita.

Ntchito imene ili yanu pakhomo

Si mluzu uliwonse umene umatanthauza kuti chotsekera chachepa. Choyamba onani ngati chalowa bwino. Zotsekera zambiri zili ndi kansonga kakumtunda kamene kayenera kubisala pansi pa khwinya la pamwamba pa khutu, ndipo kakatsalira kunja, mluzu umayamba komanso khutu limapweteka. Kokani khutu pang'ono chakumbuyo pamene mukulowetsa. Ngati mwana amavala mbali zonse ziwiri, chizindikiro chofiira ndi cha kumanja, chabuluu ndi cha kumanzere.

Ngati mluzu ukupitirira, vulani makinawo ali oyaka, ndipo tsekani ndi chala bowo lotulukira mawu kunsonga kwa chotsekera. Mluzu ukasiya, makina ndi kachubu zili bwino. Vuto ndi chotsekera chogwedera kapena phula lodzaza m'khutu, limene limabweza mawu. Phulalo akachotse kuchipatala, osati ndi mtengo wa machesi kapena nthenga ya nkhuku. Mluzu ukapanda kusiya chala chili pomwepo, ndiye kuti mawu akudontha penapake, kawirikawiri pakachubu kong'ambika kapena pakangowe kolumikiza kachubuko kumakina. Kachubu katsopano ndi kofewa ndi koyera. Kakayamba kuuma ndi kuoneka kachikasu, patatha miyezi ingapo, kafunika kusinthidwa. Imeneyi ndi ntchito imene kholo lingaphunzire. Pemphani akuonetseni kukiliniki ndi kukupatsani timachubu tapadera.

Tsiku lililonse pukutani chotsekera ndi kansalu koyera. Kamodzi kapena kawiri pasabata chichotseni kumakina, chitsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wamba, ndipo chisiyeni chiume usiku wonse. Makinawo asakhudze madzi. Musachiyanike pamoto kapena padzuwa lamphamvu, ndipo musachipake sipiriti kapena jiki. M'mawa yang'anani m'kachubu: kadontho kamodzi ka madzi ndi kokwanira kutseka mawu onse, ndipo makolo ambiri amagula mabatire atsopano chifukwa cha kadontho kotere. Kampira kopopera mpweya kamene makiliniki amapereka ndiko kabwino kuumitsira, popeza mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Chotsekera chatsopano chikamavuta kulowa, pali mafuta apadera osungunuka m'madzi amene amathandiza. Funsani kukiliniki musanapake mafuta odzola a pakhomo. Chikamasiya chilonda kapena kufiira kosatha, musachipale nokha. Kumbukirani pamene pakupwetekapo kuti katswiri akasalaze pomwepo.

Kuti mudziwe ngati mawu akufika, pali mayeso osafuna chida chilichonse amene adayambitsa katswiri wina wophunzitsa ana osamva, Daniel Ling. Mwana atavala makina, khalani kumbuyo kwake pamtunda wa mita imodzi, ndipo tchulani ndi mawu anu a masiku onse mawu asanu ndi amodzi awa, limodzilimodzi: a, u, i, m, sh monga mu "shuga", ndi s. Wamkulupo abwereze kapena akweze dzanja. Khanda muone ngati likutembenuka kapena kusiya chimene likuchita. Mawu amenewa akuimira kuyankhula konse, kuyambira mawu a besi mpaka opyapyala. Mwana amene sabata yatha amamva s koma lero sakumumva, pali chimene chasintha, ndipo ndi bwino kuyang'ana batire, kachubu ndi chotsekera tsiku lomwelo.

Khutu likayamba kutuluka mafinya, vulani makina mbali imeneyo kufikira litachira, chifukwa kulitseka kumasunga chinyezi ndi kukulitsa matenda. Pukutani mafinya ndi kansalu koyera kapena tishu wolimba wopotedwa ngati chingwe cha nyale, katatu patsiku, ndipo pitani naye kuchipatala. Pa nthawi yodikira chotsekera chatsopano, muziyankhula naye mutayang'anizana pamalo owala, pemphani aphunzitsi amukhazike kutsogolo, ndipo ngati banja likuphunzira chinenero chamanja, pitirizani. Manja salepheretsa mwana kuphunzira kuyankhula.

Ngati chinthu chalowa kale

Mwina wina wayesa kale ndipo phala, guluu kapena chidutswa cha chotsekera chatsalira m'khutu. Musakoke ndi mphamvu, musatokose ndi waya kapena pini, ndipo musathiremo mafuta ophikira, palafini kapena mankhwala azitsamba pofuna kusungunula. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga paketi kapena chubu cha chinthu chimene chidagwiritsidwa ntchito, ndipo nenani zoona zake za chimene chachitika ndi nthawi yake. Nenaninso ngati khutulo lidatulukapo mafinya kapena kuchitidwa opaleshoni. Kupweteka kwambiri, magazi, chizungulire, kusanza, kapena kukhota kwa mbali imodzi ya nkhope ndi zizindikiro zoti mwanayo atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi.

Changu chomwecho chikufunika ngati chalowa ndi kabatire ka makinawo, kaya m'khutu, m'mphuno, kapena mwana wakameza. Kabatire kakakhudza chinyezi kamayamba kuwotcha mnofu m'maola ochepa chabe, kotero musathiremo madzi kapena mankhwala a madontho, ndipo musadikire kuti kuche.